Chaka Chimene Ndinamangirira Masamba pa Mitengo ya Dona

Ndinali ndi zaka khumi, kapena khumi ndi chimodzi, pamene ndinapatsidwa udindo waukulu kuposa wina uliwonse umene ndaugwirapo mpaka lero. Za zakazo musandipanikize. Amayi ankati ndinabadwa chaka chimene nandolo anabereka bwino, ndipo kwathu ku Thyolo nandolo salephera kawirikawiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti munali m'zaka za m'ma 1930, ndipo udindowo unali wosamalira mitengo isanu ndi iwiri ya maluwa, yobzalidwa m'madebe a palafini, pafupi ndi khonde la mzungu.

Ababa anali gadeniboyi kunyumba ya bwana wa esiteti ya tiyi imene tinkakhalamo. Imvi zinali zitayamba kale m'mutu mwawo, koma dzina la ntchito yawo linali lomwelo, boyi. Iwo ndi Amayi anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, atasenza mtondo ndi mphasa, ndipo kubwerera kumeneko sikunkatchulidwa m'nyumba mwathu ngakhale mwanthabwala. Malo amene tinamangapo sanali athu. Nthaka inali ya esiteti, nsungwi za denga zinali za esiteti, ngakhale mthunzi wa nthochi zimene Amayi anabzala okha unkagwera pa nthaka ya esiteti. Munthu ankakhala pamenepo malinga ngati manja ake akufunika. Akasiya kufunika, kunkabwera kapepala kotchedwa notisi.

Notisi ndinaiona ndi maso anga ndili wamng'ono. Gadeniboyi amene analipo Ababa asanalowe ntchitoyo anali a Mulipa, oyandikana nafe nyumba. Chaka china maluwa a minga a Dona, mkazi wa Bwana, anauma. Patapita masiku ochepa alonda a esiteti anafika m'mawa, dzuwa likuwala bwinobwino, nakwera padenga la a Mulipa n'kuyamba kusasula udzu. Sanamenye munthu. Sanakalipe n'komwe. Mmodzi anatsika n'kupempha madzi akumwa, ndipo mkazi wa a Mulipa anam'patsa atagwada. Masana ndinawaona akutsika njira ya ku Luchenza, nkhuku zomangidwa miyendo zili pamsana, mwana wawo akukoka kambuzi kokana kuyenda. Palibe amene anawafunsa kumene akupita, chifukwa aliyense ankadziwa kuti iwonso sakudziwa.

Tsono mitengo ya Donayo ife tinkaitcha malipenga, popeza maluwa ake anali ngati malipenga a asilikali: oyera, aatali ngati mkono wa khanda, koma onse ozondoka, oyang'ana pansi ngati akufunafuna chinthu chimene chinakwiriridwa pamenepo. Masana sankanunkhira. Dzuwa likapendeka ankayamba kutulutsa fungo lotsekemera, lolemera, limene linkakutsatira mpaka kuchitsime n'kukupweteketsa mutu. Mbuzi, nyama imene imadya ngakhale malaya oyanikidwa, inkawalambalala. Anthu ankati ukagona pansi pake umadzuka ukucheza ndi akufa. Ife Alomwe timadya kalongonda, nyemba imene imazunguza mutu ikapanda kuphikidwa tsiku lathunthu, choncho sitinjenjemera ndi chiphe wamba. Koma malipenga tinkawapatsa ulemu wawo.

Ababa okha ndiwo ankawagwira. Masika akamatha, chimanga chitalowa m'nkhokwe, mphepo itayamba kuluma makutu, ankachita zinthu zimene palibe ankazimvetsa. Ankadula nsonga za nthambi. Ankakoka madebe kuwachotsa kumene kumaomba mphepo n'kuwandandalika kukhoma loyang'ana kumpoto. Ankayala udzu wouma pamwamba pa dothi. Ankapisa chala m'dothimo, n'kuchinunkhiza, n'kugwedeza mutu ngati sing'anga amene waona dzina la mfiti koma sakufuna kulitchula. Ukawafunsa kuti akutani, yankho linali lakuti, "Pita ukatunge madzi." Sankaphunzitsa munthu. Nzeru yawo inali yakuti gadeniboyi amene wauza mnzake chinsinsi cha ntchito wadzilembera yekha notisi. Anthu akamanong'onezana kuti bambo uja ali ndi mankhwala a maluwa, iwo sankatsutsa. Ine mwana wawo weniweni ndinkakhulupirira kuti mankhwalawo alipo, ndipo ndinkawasakasaka m'denga.

Chaka chimenecho, mwezi wa Meyi, Dona ananyamuka kupita kwawo ku Ulaya kukaona ana, kuti adzabwera kumapeto kwa Seputembala. Galimoto yom'perekeza ku sitima ili chilire, anaima pakhonde atavala chipewa chake chachikulu n'kuitana Ababa. Chinyanja chake chinali cha mawu owerengeka, onse olamula.

"Malipenga kufa, iwe choka. Wamva?"

"Ndamva, Dona."

Ananena akumwetulira pang'ono. Mwina inali nthabwala. Koma nthabwala ya mwini nthaka ife sitinkaiseka, tinkaisunga.

Mu Juni chiperoni chinafika. Amene sanakhale kuno angaganize kuti ndi nkhungu chabe. Ndi mvula yamanyazi imene sigwa koma imangoyandama, masiku anayi, asanu, mpaka sabata. Phiri limasowa, mizere ya tiyi imathera m'mwamba moyera, ndipo chilichonse chimene wagwira chimakhala chonyowa, ngakhale mchere wa m'chibade. Ababa anayamba kutsokomola. Tsiku lachitatu ankapuma ngati munthu wocheka matabwa, atagwira nthiti. Amayi anati chibayo. Amuna anayi anamanga machila a chiguduli kuti awanyamulire ku chipatala cha mishoni, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo kapitawo anavomera kuti ine ndigwirizire malo awo kumunda wa maluwa kuti asatengedwe ndi wina.

Asanawanyamule anandikodola.

"Iwe, tamvera. Chikho chimodzi cha madzi debe lililonse, Loweruka lokha. Masamba adzachita chikasu, adzagwa. Usachite kanthu."

"Akagwa onse, Ababa?"

"Usachite kanthu."

"Nanga mankhwala aja mwawasiya pati?"

Anayesa kuseka, koma chifuwa chinawalanda kusekako, ndipo amuna aja ananyamula machila n'kulowa nawo m'nkhungu.

Masabata awiri oyamba ndinagwira ntchito mwaulemerero. Ndinkayenda manja kumbuyo. Madebe asanu ndi limodzi anali pamzere kukhoma lija, ndipo Loweruka lililonse ndinkawapatsa chikho chawo. Lachisanu ndi chiwiri linali pangodya, pamene Bwana ankamangirira galu wake m'nyengo yozizira kuti aziothera dzuwa. Galuyo antchito ankamutcha Sajeni. Ababa ankadutsa pafupi naye ngati akudutsa mwala. Ine galuyo ankandiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira ndiwo zimene zachedwa kupsa. Ndinayesa kuponya madzi ndili patali, koma ambiri ankagwera pa Sajeni, ndipo maganizo ake pa nkhaniyi sanawabise. Ndinagamula kuti debe limenelo lili m'manja mwa Mulungu.

Kenaka masamba anayamba kuchita chikasu, monga Ababa ananenera. Munthu angaganize kuti zimenezi zikanandilimbitsa mtima. Ayi. Tsamba loyamba linagwa ndikuliona, lalikulu ngati la fodya. M'mawa mwake anali asanu. Tsiku linalo ndinasiya kuyang'ana pansi. Nthambi zinayamba kuonekera, zotuwa, zokhotakhota ngati zala za nkhalamba, ndipo nthawi iliyonse ndikaziyang'ana ndinkaona mlonda uja akutsika padenga kudzapempha madzi.

Ndinawauza Amayi. Anasiya kusenda chinangwa n'kundiyang'ana.

"Abambo ako anati bwanji?"

"Anati ndisachite kanthu."

"Ananena thupi likutentha ngati mbaula. Munthu wa chibayo amalankhula ndi makolo ake, sakulankhula ndi iwe." Anaika mpeni pansi. "Unayamba waonapo chinthu chofota chikuchira ndi ludzu?"

Sindinayambe ndaonapo. Chimanga chikafota chimafuna mvula. Mpiru wa kudimba ukafota umafuna mtsuko. Ndiponso kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Amam'funditsa, amam'sonkhezera moto, amam'kakamiza phala ngakhale akukana, ndipo abale amakhala momuzinga mpaka achire kapena atope nawo n'kumwalira. Kusiya wodwala ali gone n'kumangom'ponyera chikho Loweruka ndi khalidwe la mfiti. Ine ndi Amayi sitinali mfiti.

Chithandizo chinayamba m'mawa mwake. Madzi kawiri pa tsiku, ofunditsa mumphika kuti odwala asazizidwe. Ndowe za mbuzi, zosinja bwino, m'malo mwa phala. Ndinapempha ziguduli zakale kusitolo ya esiteti n'kukulunga thunthu lililonse mpaka m'khosi. Mtengo waukulu kuposa yonse Amayi anaupatsa bulangete lathu, limene linali limodzi lokha m'nyumbamo, ndipo ife tinafunda mphasa. Chiperoni chinanyowetsa ziguduli zija tsiku loyamba lomwe, ndipo sizinaumenso. Ndikapisa chala m'dothi, monga ndinkaonera Ababa, chinkatuluka ndi matope onunkha ngati dambo. Ndinkagwedeza mutu monga iwo ankachitira, ngakhale sindinkadziwa chimene ndikugwedezera, n'kuthiranso chikho china.

Masamba anapitiriza kugwa, tsopano mothamanga.

Apa ndi pamene ndinatulukira nzeru imene sindinaimvepo kwa mlimi wina aliyense, ndisanabadwe kapena nditabadwa. Ndinaganiza kuti vuto la mtengo wopanda masamba n'lakuti ulibe masamba. Masambawo anali pansi pomwepo, ambirimbiri. Ndinapita kumpanda wa khonje, ndinasenda ulusi ndi mano, ndinasankha masamba amene chikasu chake chinali chisanafike poipa, n'kuyamba kuwamangirira panthambi limodzilimodzi. Ndinagwira ntchitoyi masiku atatu, mwaluso ndithu, mfundo zonse kuzibisa kumbuyo. Ukaima patali, m'nkhungu, utatsinzina pang'ono, mitengoyo inkaoneka ngati wodwala amene am'veka jekete kuti alendo asadandaule.

Tsiku lachitatu, zala zanga zili nyatanyata ndi utomoni wa masamba, kamvula kaja kanandilowa m'maso, ndipo ndinatikita diso lakumanja.

Pofika masana dziko linali litagawika pawiri. Diso lakumanzere linkaona zinthu monga zilili. Lakumanja linkaona chilichonse chitasungunuka, ndipo kuwala kochepa kwa tsiku la chiperoni kunkalibaya ngati singano. Kukhosi kunauma gwa. Ndinafika kunyumba nditaphimba nkhope ndi dzanja. Amayi anachotsa dzanjalo, anayang'ana, n'kubwerera m'mbuyo mpaka anagunda mtondo. Anayamba kulankhula Chilomwe chokhachokha, chothamanga, chimene ankachisungira maliro ndi njoka.

"Mwana wa diso wameza diso lonse! Kuli bii, ngati chitsime!"

Akazi oyandikana nafe anasonkhana. Aliyense anayang'anamo n'kugwira pakamwa. Mmodzi anati mitengo ija yazindikira kuti amene akuigwira si mwini mankhwala, ndiye yatenga diso limodzi ngati chikole. Ikadzafa idzatenga linalo. Wina anati ayi, diso lotere limaona mizimu, mwanayu afunsidwe ngati akuona abambo ake, kuti tidziwe ngati ali moyo kumishoni kuja. Onse anatembenuka kundidikira. Ndinatseka diso labwino n'kuyang'ana kunthochi. Ndinaona chinthu chachitali, chotuwa, chikugwedezeka. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti linali tsamba louma la nthochi, koma tsiku limenelo ndinakuwa, ndipo akazi onse anakuwa nane.

M'mawa mwake ndinapitabe kuntchito, chifukwa kusapita kukanakhala kuitana notisi ndi pakamwa. Kuseri kwa khitchini ndinakumana ndi Che Bwanali, khukhi wa Bwana, Myao wa kofia yoyera amene ankatiyang'ana ife a kumunda monga mmene wokwera njinga amayang'anira woyenda pansi.

"A Gadeniboyi aang'ono! Odwala anu agona bwanji? Nanga nkhopeyo mwaibisiranji, mwakwatira?"

Ndinachotsa dzanja. Anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kowala.

"Eee. Kadzidzi weniweni." Anatenga supuni yaikulu, anaipukuta pa epuloni, n'kundionetsa kumbuyo kwake. Ndinaona nkhope yotupa ya mwana, diso limodzi la munthu, lina dzenje lakuda. "Wagwira masamba aja n'kudzitikita m'maso, si choncho? Zinam'chitikira mnyamata wa patebulo chaka china, atathyola maluwa a phwando. Masiku anayi ankathira tiyi pambali pa kapu. Kasambe ndi phulusa, manjawo."

"Ndiye sindifa, Che Bwanali?"

"Ndi diso, ayi. Koma za ulusi wako uja, mwanawe, ine sindinaone kanthu, ndipo usadzanditchule."

Tili pomwepo tinamva nsapato. Bwana ankabwera kuchokera kuminda kudzadya chakudya cha m'mawa, ndipo tsiku limenelo, mwa masiku onse, anadzera kukhoma la kumpoto. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, kaliwo sankachoka pakamwa pake. Anaima patsogolo pa mtengo wa bulangete. Ine ndinaima poteropo.

Kamphepo kanaomba. Tsamba limodzi, limene mfundo yake inali itamasuka, linatsika pa ulusi wake n'kuyamba kuzungulira pang'onopang'ono pamaso pake penipeni, ngati nsomba ya pa mbedza. Analiyang'ana likuzungulira. Analigwira ndi zala ziwiri n'kukoka. Nthambi inabwera yonse, yofewa, khungwa likusupuka ngati la nthochi yovunda. Anainunkhiza. Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo ataona diso langa anachotsa kaliwo pakamwa, chinthu chimene anthu ankati sachita ngakhale m'tchalitchi. Ananena mawu angapo m'Chingerezi kwa Che Bwanali n'kulowa m'nyumba.

"Akuti bwanji?"

Che Bwanali sanasekenso. "Akuti maluwa si awo, ndi a Adona. Akuti Adona adzaona okha."

Akanandimenya zikanakhala bwino. Chikoti chimatha. Koma "adzaona okha" anakhala nafe m'nyumba masabata onse otsatira, ankadya nafe, ankapita nafe kuchitsime. Diso langa linabwerera m'malo mwake patapita masiku anayi, monga ananenera khukhi, koma ndinalipezera ntchito yatsopano: ndikamachokera kulikonse, ndikangotulukira pokhota njira, ndinkayamba ndayang'ana ngati denga lathu lilipo. Amayi anayamba kumanga mbewu za nandolo ndi chimanga m'tinsalu, osanena chifukwa chake. Anasiya kuzira pansi. Tsiku lina ndinawapeza akuyesa kusenza mtondo, akuutsitsa, akuusenzanso, ngati munthu amene akukumbutsa khosi lake ntchito yakale.

Ababa anabwerera kumayambiriro kwa Ogasiti, akuyenda ndi ndodo, malaya akulendewera ngati apachikidwa pamsomali. Sanayambe kunyumba. Anandipeza kumunda wa maluwa ndili ndi mphika wa madzi ofunda m'manja.

Sanandipatse moni. Anamasula chiguduli choyamba, ndipo fungo linatuluka limene silinali la maluwa. Anapendeketsa debe; munatuluka madzi akuda. Anagwira thunthu n'kukoka pang'ono, ndipo linazuka lonse popanda kukana, mizu ili lende ngati zingwe zovunda. Anachita chimodzimodzi ndi lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu ndi chimodzi. Bulangete lathu analipinda bwinobwino n'kuliika pambali. Kenaka anatola kanthu panthambi ina.

"Ichi n'chiyani?"

"Khonje, Ababa."

"Ndikuona kuti ndi khonje."

Anakhala pa debe lopanda kanthu, mpweya ukulira m'chifuwa mwawo. Zaka zambiri pambuyo pake ndinakalowa sukulu ya uphunzitsi ku mishoni, kumene ndinakhala chaka ndi theka ndisanazindikire kuti ine ndi aphunzitsi a kumeneko tinalibe choti tingaphunzitsane. M'buku lina la kumeneko ndinawerenga kuti mizu nayo imapuma mpweya, ndipo ikakhala m'madzi imamira monga amamirira munthu. Anzanga analemba zimenezo m'makope. Ine ndinatuluka panja kukakhala pamwala.

Ababa anadzuka n'kulunjika pangodya. Sajeni anagwedeza mchira. Mtengo wachisanu ndi chiwiri unali chiimire, wopanda tsamba ngakhale limodzi, wotuwa, dothi lake louma mpaka kung'aluka. Kwa ine unali wakufa kuposa yonse. Iwo anakanda khungwa ndi chikhadabo. Pansi pake panali pobiriwira, ponyowa. Anandionetsa timaso ting'onoting'ono m'mfundo za nthambi, totupa ngati mapira.

"Uwu unautani?"

"Sindinaugwire, Ababa. Galu."

Anayang'ana galuyo, n'kuyang'ana ine.

"Ndiye gadeniboyi ndi galuyu."

Ndinadikira ndodo. Siinabwere. M'malo mwake anandituma mchenga wa kumtsinje, n'kutulutsa mpeni. Anadula nthambi za mtengo wamoyowo m'zidutswa zisanu ndi chimodzi, chilichonse kutalika ngati chikhatho ndi theka, monga timadulira mbewu ya chinangwa. Ndipo anachita chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita: ankalankhula uku akugwira ntchito. Dula pansi pa mfundo. Mbali iyi ndiyo ya pansi, ukachizondotsa sichimera. Mchenga, osati ndowe. Mthunzi, osati dzuwa. Ukatha, phulusa m'manja usanagwire nkhope. Chidutswa chachinayi anandipatsa mpeni kuti ndidule ndekha.

"Mtengo uwu kukazizira umagona," anatero. "Umataya masamba dala, kuti usamadyetse ana ambiri nthawi ya njala. Wogona samwa madzi. Ukam'thira madzi m'kamwa munthu ali m'tulo, wam'thandiza?"

"Ayi, Ababa. Nanga mankhwala aja?"

Anatukula chala chawo cha mkombaphala, chakuda ndi dothi. "Ndi awa. Ukapisa n'kumva chinyezi, bwerera nacho chikho chako."

Mitengo imeneyi, kunena zoona, ili ndi mtima wabwino pa nkhani yomera. Kutangoyamba kufunda, zidutswa zisanu zinaphukira, chimodzi chinakana, ndipo Ababa anadulanso china. Koma kuphukira si kukula. Tsiku limene galimoto ya Dona inalira pamsewu, kumapeto kwa Seputembala, m'madebe asanu ndi limodzi munali timitengo tosafika m'bondo, tamasamba anayi kapena asanu, ndipo pangodya panali chitsa chimodzi chometedwa mbali zonse. Pamene anasiya mitengo yom'pitirira msinkhu anapeza sukulu ya ana.

Anafika kukhomako asanavule n'chipewa chomwe. Anayenda mzere wonse, kupita ndi kubwerera.

"Malipenga anga ali kuti?"

Ababa anavula chisoti. "Anafa, Dona. Ndinadwala. Awa ndi ana awo."

Ine ndinali pambali pawo, ndipo mawu anali atafika kale pakhosi: ndine, ndine ndinathira madzi. Dzanja lawo linatsika pakhosi panga kumbuyo, lolemera, n'kukhala pomwepo. Dona anatiyang'ana tonse awiri. Milomo yake inali itayera.

"Iwe choka," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Sitinachoke, chifukwa sitinadziwe kuti kuchokako kukuyambira pati, pamunda kapena padziko. Tinaima padzuwa. M'kati tinkamva mawu a Dona akukwera, a Bwana akuyankha mwachidule, a Dona akukweranso. Mthunzi wa nyumba unasuntha kuchoka pamapazi athu. Dzanja la Ababa silinachoke pakhosi panga. Pomaliza Che Bwanali anatuluka, akupukuta manja amene anali ouma kale.

"Kumunda wa maluwa, basi, musadzapondekonso. Adona akufuna notisi." Anaima kaye, chifukwa ngakhale pa maliro khukhi uja sakanataya mpata wochedwetsa nkhani. "Koma Abwana akuti mvula ili pafupi, tiyi aphukira, ndipo munthu sataya khasu mvula ili pafupi. Mawa mukaonekere kwa kapitawo. Inu, akazi anu, ndi kadzidziyu."

Denga lathu linakhala. Sichinali chifundo, inali nyengo. Akanabwera Dona mwezi wa Meyi, ntchito ya m'minda itachepa, bwenzi nkhani ino ndikuilembera kwina, kapena osailemba n'komwe.

Ababa analowa m'gulu la makasu, kulima m'mizere ya tiyi mvula ili pamsana, ndi chifuwa chimene chinali chisanapole. Sichinapolenso. Anakhala nacho zaka zingapo, ndipo sanafike pa ukalamba weniweni. M'zaka zonsezo sanatchulepo za madzi aja, ngakhale atakwiya pa zifukwa zina, ndipo zifukwa zina ndinkawapatsa zambiri.

Masika otsatira, mphepo itayambanso kuluma, kunyumba kwathu kunabwera gadeniboyi watsopano, mnyamata wa mkazi ndi khanda, chisoti chili m'manja. Timitengo tija tinali titakula, ndipo tinali titayamba kuchita chikasu. Ankalankhula monong'ona, kupempha kuti amugulitse mankhwala. Ababa anamukhazika pamphasa, anaitana ndi oyandikana nafe omwe, n'kumuuza zonse mokweza: khoma la kumpoto, udzu, chala, chikho cha Loweruka. Anamuuzanso chifukwa cha chilichonse, kawirikawiri, mpaka mnyamatayo anatha kubwereza yekha. Atapita, anati kwa Amayi, ine ndikumva, "Mwana wathuyu ndinamuuza chochita, osamuuza chifukwa chake. Theka la madzi aja ndinathira ndine."

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la nkhaniyi ndi kumvera makolo, ndipo ndinkalifotokoza choncho kwa ana anga, amene ankalimvera monga ana amamverera. Tsopano ndikuona kuti Ababa anandipempha chinthu chimene ndinali ndisanaonepo munthu wakuda akuloledwa kuchita pa esiteti ija. Kumeneko munthu woima chabe ankakalipiridwa, wokhala pansi ankalembedwa dzina. Tinkakula tikudziwa kuti manja akangopuma, denga limayamba kugwedezeka. Mwana woleredwa chotero mukamuuza kuti chipulumutso cha banja lake chili m'kusachita kanthu, mwamuuza kuti ayende pamadzi. Mitengo ija siinkafuna chilichonse kwa ine koma kuti ndiisiye igone miyezi iwiri. Ndinatha kuipatsa madzi ofunda, ndowe zosinja, diso langa, ndi bulangete lokhalo limene tinali nalo. Miyezi iwiri ya mtendere ndiyo ndinalibe, chifukwa kunyumba kwathu kunalibe amene anali nayo yoti andibwereke.